Kodi batire lingatuluke mu pulinta? Makina a 3D ndi kafukufuku wa magetsi ndi makemikolo

Mitu ina ya nkhani za sayansi imene imazungulira m'mafoni masiku ano imasiya munthu kukamwa kuli yasa. Wina alemba kuti asayansi asindikiza batire, wina kuti asindikiza kachipangizo koyezera poizoni m'madzi. Munthu wa ku Ulónguè kapena ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amene pulinta amaidziwira pa shopu yochulukitsa zikalata sakulakwa akafunsa kuti batire lingatuluke bwanji pamene pamatuluka pepala. Ndipo ngati zikutheka, n'chifukwa chiyani tikugulabe mabatire kumsika?

Kusindikizako kukuchitikadi, koma kwenikweni m'malabotale a kafukufuku, ndipo chimene chimatuluka m'makinamo nthawi zambiri ndi zigawo chabe za chipangizo. Pa nkhaniyi pakumana maphunziro awiri amene anakula padera: luso lopanga zinthu posanjikiza, limene lili ndi zaka zopitirira pang'ono 40, ndi electrochemistry, phunziro la magetsi ndi makemikolo, imene yadutsa zaka 200. Kuti timve chimene chachitika atakumana, tiyenera kudziwa kaye lililonse palokha.

Kuumba m'malo mosema

Mmisiri wa mtondo amayamba ndi chipika chachikulu n'kumachotsa, mpaka chotsalacho chikhale mtondo. Zipalapasiro zimakhala mbwee pansi. Mayi woumba mbiya amayamba wopanda kanthu, amapota dothi n'kulizunguliza, mzere pamwamba pa unzake, mpaka mbiya iime. Makina ambiri a m'mafakitale, monga odula ndi oboola zitsulo, amagwira ntchito ngati wosema mtondo. Pulinta ya 3D ili ngati woumba mbiya. Akatswiri amatchula njira imeneyi kuti additive manufacturing, ndipo mfundo yake ndi yakuti chinthu chimajambulidwa kaye pa kompyuta, pulogalamu ina n'kuchidula m'maganizo kukhala misanjiko yopyapyala mazanamazana, kenako makina amaika misanjikoyo umodziumodzi kuyambira pansi.

Hideo Kodama wa ku Nagoya, ku Japan, analemba mu 1981 za njira youmitsira pulasitiki yamadzimadzi ndi kuwala, msanjiko ndi msanjiko. Chuck Hull wa ku America anapempha patenti, chikalata cha umwini wa luso latsopano, ya njira yofanana nayo mu 1984, anailandira mu 1986, n'kuyambitsa kampani ya 3D Systems. Pa University of Texas ku Austin, Carl Deckard anapeza njira yomatira ufa ndi kuwala kwa laser. Koma njira imene yafika m'manja mwa anthu wamba ndi ya Scott Crump, amene anapempha patenti mu 1989 n'kukhazikitsa kampani ya Stratasys. Kwa zaka 20 makina otere anali a makampani olemera okha. Zinthu ziwiri zinasintha zimenezo: mu 2005 Adrian Bowyer wa pa University of Bath ku England anayamba ntchito yotchedwa RepRap, yogawa kwaulere mapulani a pulinta imene munthu angamange yekha, ndipo mu 2009 patenti ya Crump inatha. Mitengo inagwa, kuchoka pa madola masauzande ambiri kufika pa mazana ochepa.

Makina a mtundu umenewu amadya ulusi wa pulasitiki wotchedwa filament, wokulungidwa pa mkombero, wonenepa mamilimita 1.75. Ulusiwo umakankhidwira m'kamphuno kotentha kokhala ndi bowo la pafupifupi mamilimita 0.4, umasungunuka, ndipo kamphunoko kamayenda kakulemba mzere umene umauma pompo. Msanjiko uliwonse umakhala wa mamilimita 0.1 mpaka 0.3. Pulasitiki imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi PLA, yosungunuka bwino pa madigiri cha m'ma 200. Alimi a ku Angónia ndi ku Tsangano mwina angakonde kumva kuti PLA imapangidwa kuchokera ku sitachi ya chimanga kapena ku shuga wa nzimbe.

Pamene magetsi ndi makemikolo zimakumana

Electrochemistry ndi phunziro la zimene zimachitika maelekitironi, tinthu tosaoneka tonyamula magetsi, akamadutsa pakati pa chinthu cholimba chodutsa magetsi ndi madzi okhala ndi mchere kapena asidi. Chinthu cholimbacho chimatchedwa elekitirodi, madziwo electrolyte. M'waya magetsi amayenda ndi maelekitironi, koma m'madzi amanyamulidwa ndi maayoni, tizidutswa ta mchere tokhala ndi mphamvu ya magetsi. Pamalire pamene ziwirizi zakhudzana, kemikolo ina imataya maelekitironi kapena kuwalandira, ndipo ikatero yasanduka chinthu china.

Luigi Galvani wa ku Bologna anafalitsa mu 1791 zimene anaona miyendo ya chule wakufa ikugwedezeka ikakhudzidwa ndi zitsulo. Iye ankati magetsiwo akuchokera m'thupi la chule. Alessandro Volta anatsutsa, ndipo mu 1800 anasanjikiza tizitsulo tozungulira ta zinki ndi mkuwa kapena siliva, pakati pake akuika nsalu kapena katoni yonyowa ndi madzi amchere. Limeneli linali batire loyamba. Chaka chomwecho ku London, William Nicholson ndi Anthony Carlisle analumikiza batire lotere kumadzi n'kuona madziwo akugawanika kukhala mpweya wa hayidirojeni ndi okosijeni. Pofika 1834 Michael Faraday anali atasonyeza kuti kuchuluka kwa chinthu chimene chasandulika pa elekitirodi kumayenderana ndendende ndi kuchuluka kwa magetsi amene adutsa.

Kuyambira pamenepo njira zinapatukana patatu. Yoyamba, makemikolo amatulutsa magetsi, monga m'batire la foni kapena la sola. Yachiwiri, magetsi amakakamiza makemikolo kusandulika. Fakitale ya aluminiyamu ya Mozal ku Beluluane, kufupi ndi Maputo, imene inayamba ntchito mu 2000, inakhala chitsanzo chachikulu cha njira imeneyi m'dziko muno. Popanga aluminiyamu, ufa wa alumina umasungunulidwa mu mchere wosungunuka wotentha pafupifupi madigiri 960, karenti yaikulu imadutsa kudzera m'maelekitirodi a kaboni, ndipo aluminiyamu imadikha pansi. N'chifukwa chake nkhani ya Mozal sisiyana ndi nkhani ya magetsi a ku Cahora Bassa. Njira yachitatu ndi yoyezera. Ngati karenti imayenderana ndi kuchuluka kwa kemikolo, ndiye kuti poyeza karenti tingadziwe kuchuluka kwa kemikoloyo. Aliyense wodwala matenda a shuga amene anadonthezapo magazi pa kapepala koyezera wagwiritsapo ntchito njira imeneyi. Pakapepalako pali maelekitirodi ang'onoang'ono ndi enzyme, kemikolo yochokera m'zamoyo, yogaya shuga, ndipo maganizo ake anachokera kwa Leland Clark ndi Champ Lyons mu 1962.

M'njira zitatu zonsezi, ntchito yeniyeni imachitikira pankhope pa elekitirodi, m'kagawo kochepa kwambiri kosaoneka ndi maso. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa mavuto ambiri a maelekitirodi osindikizidwa agona pomwepo.

Kabotolo ka mulabotale ndi maelekitirodi ake atatu

Wofufuza akafuna kuyeza, amathira madzi ake m'kabotolo n'kuviikamo maelekitirodi atatu. Woyamba ndi wogwira ntchito, pamene kusandulika kumene akufuna kuona kumachitikira. Kawirikawiri amakhala kachidutswa kozungulira ka glassy carbon, kaboni wosalala ngati galasi, ka mamilimita 3, kapena ka golide kapena platinamu, ndipo amakapukuta ndi ufa wosalala wa alumina asanayambe kuyeza kulikonse. Wachiwiri ndi woyerekezera, nthawi zambiri waya wa siliva wokutidwa ndi silver chloride, amene volteji yake sisinthasintha, kotero kuti ya woyamba uja imayezedwa poyerekeza ndi iyeyo. Wachitatu, kawirikawiri waya wa platinamu, amangomaliza njira kuti karenti izungulire. Atatuwa amalumikizidwa ku makina otchedwa potentiostat, amene amaika volteji imene wofufuza wafuna n'kumawerenga karenti. Archie Hickling wa ku Leicester ndiye anafotokoza makina oyamba otere mu 1942.

Zida zimenezi n'zodula, ndipo zimabwera m'maonekedwe ochepa amene makampani anasankha. Wofufuza akafuna kabotolo kolowa timadontho tochepa, kapena kokhala ndi ngalande yoti madzi azidutsa pankhope pa elekitirodi osaima, kale ankapita kwa mmisiri wa magalasi kapena wa makina odula zitsulo n'kudikira masabata. Labotale imene ilibe amisiri otere, ndipo kuno kwathu ambiri alibe, inkayenera kuitanitsa kunja.

Apa ndi pamene pulinta ya 3D inalowera koyamba, ndipo ine ndimaona kuti mpaka pano ndi pamene phindu lake silikayikitsa. Mu 2012 gulu la Lee Cronin pa University of Glasgow linafalitsa za ziwiya zosakanizira makemikolo zosindikizidwa, zina zokhala ndi maelekitirodi m'kati. Chaka chomwecho Joshua Pearce, amene panthawiyo anali ku Michigan Technological University, analemba molimbikitsa asayansi kuti azidzipangira zida pogwiritsa ntchito mapulani ogawana kwaulere. Chivundikiro chokhala ndi mabowo atatu pamalo oyenera, chogwirizira elekitirodi kuti isasunthe, kabokosi kotetezera mawaya pa ulendo wa kumtsinje: zonsezi munthu angazijambule m'mawa, masana n'kukhala atazigwira m'manja. Chikapanda kukwana, akonza chojambulacho n'kusindikizanso. Ndipo popeza chojambulacho ndi failo, wofufuza wa ku Brazil angachitumize pa intaneti kwa mnzake wa ku Songo, yemwe adzapange chofanana popanda katundu kudutsa padoko la Beira. Ngakhale potentiostat yeniyeniyo inatsatira njira yomweyi: gulu lina la ku Santa Barbara, ku California, linafalitsa mu 2011 mapulani a CheapStat, imene zipangizo zake sizinkafika madola 80.

Pulasitiki yodutsa magetsi

Kusindikiza kabotolo ndi nkhani ina, kusindikiza elekitirodi ndi inanso. Pulasitiki simadutsa magetsi, n'chifukwa chake amakutira nayo mawaya. Kuti idutse, opanga ulusi amaisakaniza ndi ufa wa kaboni: carbon black, umene uli ngati mwaye wosalala kwambiri ndipo ndi umene umadetsa matayala a galimoto; graphite, yomwe ili m'kati mwa pensulo; kapena graphene, tizipepala ta kaboni topyapyala ngati atomu imodzi. Ufa ukakhala wochepa, tizidutswa take timakhala patalipatali m'pulasitiki ndipo magetsi alibe podutsa. Ukawonjezedwa, pamafika poti tizidutswato tayamba kukhudzana kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, ndipo magetsi amayamba kudutsa mwadzidzidzi. Ukapitirira pamenepo, ulusi umauma gwa n'kumathyoka usanalowe n'komwe m'makina, kapena umatseka kamphuno.

Mitundu iwiri ya ulusi wogula ndi imene inatchuka m'kafukufuku. Protopasta ili ndi carbon black pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo Black Magic, ya graphene, inapezeka ndi pafupifupi 8 pa 100. Yonse iwiri sanaipangire electrochemistry. Ankafuna ulusi woti munthu asindikizire tinjira ta magetsi a toyatsa nyali zing'onozing'ono. Asayansi anangoitengera ku ntchito yawo. Magulu amene anatsogola ndi la Martin Pumera, amene anali ku Singapore asanapite ku Czech Republic, la Craig Banks ku Manchester Metropolitan University, ndi la Rodrigo Muñoz ku Universidade Federal de Uberlândia ku Brazil. Kwa ophunzira a kuno zimenezi zili ndi ubwino wake, chifukwa ofufuza ambiri pa nkhaniyi ndi olankhula Chipwitikizi.

M'zaka zaposachedwa magulu ena ayamba kudzipangira ulusi wawo, wokhala ndi kaboni wambiri kuposa wogula. Kuti usathyoke amathiramo chofewetsa. Mu 2023 a ku Manchester anafalitsa za ulusi wopangidwa ndi PLA yobwezeretsedwa, carbon black ndi mafuta a nsatsi monga chofewetsa. Nsatsi zomwezi zimene zimamera zokha m'mabwinja ndi m'mbali mwa makola. Chaka chomwecho anapanganso ulusi kuchokera ku zotsala za timakapu ta khofi, n'kusindikiza nawo elekitirodi yoyezera caffeine.

Vuto la pankhope

Elekitirodi ikangotuluka mu pulinta, nthawi zambiri imagwira ntchito mofooka kwambiri. Chifukwa chake n'chakuti pulasitiki yosungunuka ikamatuluka m'kamphuno imakuta tizidutswa ta kaboni, ndipo ikauma pamwamba pamatsala kakhungu ka PLA. Magetsi amatha kuyenda m'kati mwa elekitirodi, koma safika pamadzi. Wofufuza akayesa ndi kemikolo yodziwika bwino monga ferricyanide, imene pa glassy carbon imaonetsa nsonga ziwiri zooneka bwino pa chithunzi cha karenti, apa amangoona mzere wogona.

Choncho pali sitepe imene mitu ya nkhani simatchula: kusenda khungulo. Ena amakwecha ndi sandipepa. Gulu la Pumera linaonetsa mu 2018 kuti kuviika elekitirodi mu DMF, madzi osungunula pulasitiki, kumavundukula kaboni, koma DMF ndi yoopsa ku thanzi ndipo ikachedwa imafooketsa elekitirodi yonse. Njira imene inafala kwambiri inafalitsidwa mu 2019 ndi a ku Uberlândia pamodzi ndi a ku Manchester. Elekitirodi imaviikidwa mu sodium hydroxide, soda yemwe uja wopangira sopo, n'kupatsidwa mavolti 1.4 kwa masekondi 200, kenako mavolti 1.0 mobweza kwa masekondi enanso 200. Sodayo amadya PLA mofanana ndi mmene amaphwanyira mafuta popanga sopo. Ena ayesa enzyme yotchedwa proteinase K, imene imagaya PLA pang'onopang'ono, ndipo ena amawotcha pamwambapo ndi laser. Njira iliyonse imasiya nkhope yosiyana, motero maelekitirodi awiri ochokera pa mkombero umodzi wa ulusi angapereke zotsatira zosiyana chifukwa cha kasendedwe kokha.

Pali chinanso chimene chinadzidzimutsa ofufuza. Mu 2019 Michelle Browne ndi Pumera anapeza kuti ulusi wogula wa graphene uli ndi zitsulo zosayembekezeka, monga ayironi, titaniyamu ndi aluminiyamu, ndipo zitsulo zimenezi zimasintha kwambiri mmene elekitirodi imachitira. Tanthauzo lake n'lakuti munthu angaone elekitirodi yake ikufulumizitsa kugawanika kwa madzi n'kutamanda graphene, pamene ntchitoyo ikugwiridwa ndi zitsulo zimene sakudziwa kuti zilimo. Kampani siikakamizidwa kuulula zonse zimene yaika mu ulusi, ndipo ingasinthe kasakanizidwe nthawi iliyonse.

Kasanjikidwe nakonso kali ndi mbali. Woumba mbiya amadziwa kuti mizere ikapanda kumatana bwino, madzi adzadontha pamsoko. Mu elekitirodi yosindikizidwa, magetsi amayenda mosavuta motsatira mzere kuposa podumpha kuchoka pa msanjiko wina kupita pa wina. Gulu la Bhavik Patel pa University of Brighton linaonetsa mu 2018 kuti elekitirodi yofanana, ikasindikizidwa choimirira kapena chogona, imapereka karenti yosiyana. Kutalika kwa mwendo wa elekitirodi, kuchokera pamene yakhudza madzi kufika pamene waya wamangidwa, kumasinthanso zotsatira, popeza pulasitiki yakaboni imakana magetsi kwambiri kuposa chitsulo. Komanso PLA imamwa madzi pang'onopang'ono kudzera m'misoko yomweyo, ndipo ikamwa, zimene inayezapo kale zimatsalira m'kati. Pa chifukwa chimenechi ambiri amaigwiritsa ntchito kamodzi kapena kangapo n'kutaya.

Kuyeza zitsulo zapoizoni m'madzi

Mwa ntchito zonse zimene maelekitirodi amenewa ayesedwa, imene ikukhudza kwambiri chigawo chathu ndi yoyeza zitsulo zapoizoni. Tete ndi dera la migodi. Malasha a ku Moatize akhala akukumbidwa mochuluka kuyambira 2011 kufupi ndi mtsinje wa Revúbuè, ndipo m'maboma a Chifunde, Macanga ndi Marávia muli anthu okumba golide pamanja. Kulikonse padziko kumene golide amakumbidwa motere, mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni, imagwiritsidwa ntchito kwambiri pomugwira, ndipo pangano la Minamata la mu 2013 linapangidwa kuti achepetse zimenezo. Madzi okhala ndi mtovu kapena mercury amaoneka oyera bwinobwino. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamayikulogalamu 10 a mtovu pa lita, 3 a cadmium ndi 6 a mercury. Mayikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu.

Njira yodalirika yoyezera tizinthu tochepa chonchi ndi makina akuluakulu monga ICP-MS, ofuna mpweya wa argon, magetsi osazimazima ndi katswiri wake. Botolo la madzi liyenera kuyenda ulendo wautali kuti liwapeze. Electrochemistry ili ndi njira yake yotchedwa anodic stripping voltammetry. Elekitirodi imapatsidwa volteji yokoka maayoni a zitsulo kwa mphindi zingapo madzi akutakasidwa, ndipo zitsulozo zimamatirira pankhope pake. Kenako volteji imakwezedwa pang'onopang'ono, zitsulo n'kumasupuka chimodzichimodzi, chilichonse pa volteji yake: cadmium imayamba, mtovu n'kutsatira, kenako mkuwa, mercury pambuyo. Chilichonse chikamasupuka chimasiya maelekitironi, ndipo karenti imakwera kanthawi kochepa. Malo a nsongayo amanena dzina la chitsulo, kutalika kwake kumanena kuchuluka.

Njirayi ndi yakale. Inakula kuchokera ku ntchito ya Jaroslav Heyrovský wa ku Prague, amene anayamba mu 1922 kuyeza ndi elekitirodi ya madontho a mercury n'kudzalandira mphoto ya Nobel mu 1959. Kwa zaka zambiri, choncho, poizoni ankayezedwa ndi poizoni mnzake, mpaka Joseph Wang ndi anzake ataonetsa mu 2000 kuti chitsulo china chotchedwa bismuth chingalowe m'malo mwa mercury. Chatsopano ndi chakuti magulu a ku Brazil ndi kwina aonetsa kuti maelekitirodi osindikizidwa, akasendedwa bwino, amatha kuona mtovu ndi cadmium pa milingo yoyandikira ya WHO, ndipo awayesanso pa malovu, mkodzo ndi mafuta a ethanol.

Pano m'pofunika kudekha. Madzi a mulabotale amakhala oyera, othiridwa chitsulo chimodzi chodziwika. Madzi a Revúbuè mu Januwale ali ndi matope, zowola za masamba ndi zitsulo zingapo nthawi imodzi. Zowolazo zimamatirira pa elekitirodi kapena kugwira chitsulo kuti chisafike, ndipo mkuwa ukachuluka umasokoneza nsonga za zinzake. Woyeza amafunabe asidi, madzi osungunulidwa bwino ndi mabotolo a zitsulo zoyezedwa kale zoyerekezera, ndipo zimenezi pulinta sipanga. Tisaiwalenso kuti kuyeza kumeneku sikunena kanthu za tizilombo ta kolera, timene nthawi ya mvula timaopseza mabanja ambiri kuposa mtovu.

Palinso mpikisano umene okonda 3D satchula kawirikawiri. Maelekitirodi otchipa otaya ukagwiritsa ntchito analipo kale. Timapepala toyezera shuga timadindidwa ndi inki ya kaboni kudzera pa sefa, njira yomwe amadindira malemba pa masikipa, ndipo fakitale imatulutsa mamiliyoni ofanana. Oikira kumbuyo njira yodindayi amati ndi yachangu ndipo yatsimikizika. Oikira kumbuyo 3D amayankha kuti kudinda kumapereka chinthu chafulati chokha, kumafuna kuitanitsa zambiri nthawi imodzi, ndipo sikungapange kabotolo ndi maelekitirodi ake limodzi monga imachitira pulinta ya timphuno tiwiri.

Nanga batire lija?

Mu 2013 gulu la Jennifer Lewis wa ku Harvard, pamodzi ndi Shen Dillon wa ku Illinois, linasindikiza batire la lithium laling'ono ngati kamchenga. Sanagwiritse ntchito ulusi. Anafinya phala la makemikolo a batire kudzera m'kamphuno kopyapyala kuposa tsitsi, n'kuumba maelekitirodi awiri okhala ndi mano olowana. Cholinga cha maonekedwe otere ndi chakuti maayoni aziyenda mtunda waufupi ngakhale elekitirodi ikhale yaitali. Maganizo omwewo ali kumbuyo kwa maelekitirodi achitsulo opotana amene Adriano Ambrosi ndi Pumera anasindikiza ndi laser mu 2016, ndiponso mbale za ngalande zimene a ku Glasgow anasindikiza mu 2014 zogwiritsa ntchito pogawa madzi kuti apeze hayidirojeni.

Koma mabatire a mafoni ndi a magalimoto amapangidwa popaka phala pa mapepala a mkuwa ndi aluminiyamu amene amathamanga pa mikombero mamita ambirimbiri pa mphindi imodzi. Graphite ya ku Balama, ku Cabo Delgado, imene kampani ya Syrah Resources inayamba kukumba mu 2017, ikalowa m'batire imadzera njira imeneyo. Pulinta yolemba mzere umodziumodzi singayandikire liwiro limenelo. Mabatire osindikizidwa akuganiziridwa makamaka pa tizipangizo ting'onoting'ono kapena ta maonekedwe achilendo, monga toikidwa m'thupi la wodwala.

Mafunso amene akadali poyera

Funso lalikulu ndi la kufanana kwa zotsatira. Labotale ziwiri zikatenga failo imodzi, koma mapulinta osiyana, ulusi wogulidwa miyezi yosiyana ndi kasendedwe kosiyana pang'ono, kodi zidzawerenga nambala imodzi pa madzi amodzi? Ofufuza ena akulimbikitsa kuti aliyense azilemba zonse, kuyambira kutentha kwa kamphuno mpaka kutalika kwa mwendo wa elekitirodi. Ena amati vutoli silitha mpaka patapezeka ulusi wopangidwira electrochemistry, wa kasakanizidwe kodziwika ndi kosasintha. Kudzipangira ulusi kumathetsa chinsinsi cha kampani, koma kumafuna makina osakanizira ndi otulutsira ulusi amene ndi odula kuposa pulinta yeniyeniyo, ndiye phindu la kutchipa lija limayamba kuchepa.

Nyengo yathu ikufunsanso lake. PLA imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60. Mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40 pamthunzi, m'galimoto yotsekedwa padzuwa mungafike pamenepo, ndipo elekitirodi yopindika kapena yofutukuka sikhalanso imene inayezedwa. Kumapiri a Angónia vuto ndi chinyezi cha dzinja, popeza ulusi ukamwa chinyezi umatuluka ndi thovu m'kamphuno. Ofufuza akuyesa mapulasitiki olimba monga PETG ndi polypropylene, koma ambiri mwa mayeso amenewa achitikira m'zipinda zoziziritsidwa za kutali. Magetsi akazima pakati pa kusindikiza, msoko wa pamenepo udzakhala wotani?

Za zinyalala anthu sagwirizana. Ena amatamanda PLA kuti imawola komanso kuti ingabwezeretsedwe. Ena amakumbutsa kuti imawola msanga m'malo apadera otentha ndi achinyezi okha, osati kudzala, ndipo elekitirodi imene yayeza mtovu ingakhale ndi mtovu. Ngati iliyonse ikutayidwa ikagwira ntchito kamodzi, ndani azizitolera?

Kenako pali funso la anthu ndi malamulo. M'chigawo muno muli masukulu a ukachenjede monga Instituto Superior Politécnico de Tete, Instituto Superior Politécnico de Songo ndi nthambi za yunivesite ya UniZambeze mumzinda wa Tete ndi ku Ulónguè. Kodi pa masukulu otere ndalama zochepa zipite ku pulinta ndi potentiostat yaing'ono kuti wophunzira aliyense agwire chida ndi manja ake, kapena zisonkhanitsidwe kuti pagulidwe makina amodzi akulu odalirika? Mbali zonse ziwiri zili ndi zifukwa zomveka. Ndipo tinene kuti wophunzira wayeza chitsime cha m'mudzi ndi elekitirodi imene wasindikiza yekha n'kupeza mtovu wopitirira mamayikulogalamu 10. A mfumu, a zaumoyo, kampani ya mgodi ndi bwalo la milandu adzafuna kudziwa kuti chidacho chinayerekezedwa ndi chiyani, anachitsimikiza ndani, ndipo ngati madzi omwewo atatumizidwa ku labotale yovomerezeka nambala ingatuluke yomweyo. Mmene chida chopangidwa chimodzichimodzi, pamalo osiyanasiyana, chingalandirire chivomerezo chotere ndi nkhani imene ofufuza ndi oona za miyezo akukambiranabe.